Akhwangwala akazolowera mtengo wanu, kadzidzi wapulasitiki sangawachotse

Chaka ndi chaka, anthu okhala m'matauni a ku America ndi Canada amadikira mpaka Januwale, galimoto itayera mbuu ndi zitosi, ndiye n'kumafunsa chochita. Pamenepo mwachedwa kale. Akhwangwala a kumeneko, akuda bii opanda choyera cha pachifuwa chija, amayamba kusonkhana mu Novembala n'kumagona pamodzi masauzande ambirimbiri mpaka cha mu Malichi. M'tauni amatsata kutentha, mitengo italiitali, ndi magetsi amene amawathandiza kuona kadzidzi wamkulu yemwe amawagwira usiku. Akagona pamalo milungu ingapo, amakakamira.

Yambani sabata yoyamba imene mwawaona. Khalani pansi pa mtengo kutatsala mphindi 30 kuti dzuwa lilowe, akungofika kumene, asanatere. Menyani zitini, ombani m'manja, ulutsani pa sipika mawu ojambulidwa a khwangwala wogwidwa akulira. Kukada, yendetsani kuwala kwa laser (katochi kotulutsa kuwala kowonda kofika patali) m'nthambi, koma osakuloza kumwamba kopanda kanthu, chifukwa kuwalitsa ndege ndi mlandu waukulu. Chitani izi masiku 5 mpaka 7 otsatizana, n'kumasintha poima ndi phokoso lake. Mukadumpha tsiku limodzi amabwerera. Mukachita nokha, mwangowasamutsira kwa aneba, choncho gwirizanani mzere wonse wa nyumba. Mabini azikhala otseka, chakudya cha galu chisagone panja.

Kadzidzi wapulasitiki uja amamutulukira pa masiku ochepa, mwinanso kumuterera pamutu. Chimene chimagwirako ntchito ndi chidole cha khwangwala wakufa chopachikidwa chozondotsa. Chipachikeni kuli mdima, chifukwa mbalamezi zimasunga nkhope. John Marzluff ndi anzake a ku University of Washington anaonetsa kuti patapita zaka zimalalatirabe munthu wovala chigoba chakumaso chimene anavala anthu amene anazigwira.

Chonde, musalole munthu wobwera ndi chimanga chothira mankhwala, n'kumati vutoli alithetsa usiku umodzi. Ku Portland, m'chigawo cha Oregon, mu 2014 komanso mu 2018, akhwangwala ankagwa pansi anthu akuona, akuphupha ndi kulira m'misewu ndi m'mapaki. Atawayeza anapeza Avitrol, mankhwala amene amaloledwa kwa akatswiri a chiphaso okha. Wothira chimanga chotero sasankha mbalame yodzadya. Yodwalayo imakagwera kutali, pabwalo pamene pamasewera ana, ndipo galu kapena kabawi akhoza kuitola. Mu 2019 khonsolo ya mzindawo inaletsa mankhwala otere pamalo ake onse. Akhwangwala ena sanasiye kubwera. Pakati pa mzindawo anayamba kuwasuntha ndi akabawi ophunzitsidwa.

Potsuka zitosi, yambani mwazinyowetsa ndi madzi kuti fumbi lisabuke, muvale magolovesi ndi masiki. Mukapeza akhwangwala angapo akufa pamalo amodzi, musawagwire ndi manja, imbirani a zanyama zakutchire a m'chigawo chanu tsiku lomwelo.