Kabwato ka rimoti kakamatsimphina, musathamangire kugula mota

Loweruka lina mu Okutobala kunabwera abambo ena achikulire pabenchi yanga yokonzera zamagetsi ku Kamwala, mu Lusaka, atanyamula kabwato ka rimoti m'thumba la pulasitiki, mdzukulu wawo ali pambuyo nkhope ili yakugwa. "Amisiri, tigulitseni mota ina," anatero. "Yakumanzereyi yatopa. Tikangokaika pamadzi kamangozungulira malo amodzi." Nditawafunsa kuti wawauza ndani kuti ndi mota, anaseka: "Nanga chingakhalenso chiyani, mwana wanga?"

Chinali chingwe cha mbedza. Kaulusi kowonekera ngati madzi kanali katadzikulunga pashafiti kuseri kwa pulopela, mpaka kulowa m'kamwa mwa kapaipi komwe shafitiyo imadutsa. Lezala imodzi inathetsa nkhani yonse.

Mota ndiyo imaimbidwa mlandu chifukwa ndiyo imamveka ikulira. Koma iyo ndi wantchito chabe. Lamulo limachoka pachala chanu, n'kudutsa mu rimoti, n'kuuluka pamafunde a 2.4 GHz kukafika ku risiva, kachipangizo kolandira mafundewo m'bwato, ndipo risiva imauza kabokosi kotchedwa ESC kuchuluka kwa magetsi oti kapereke kuchokera m'batire. Mota ikazungulira, mphamvuyo iyeneranso kudutsa pashafiti ndi pulopela isanakankhe madzi. Paliponse pamene pafooka pamzere umenewu, chizindikiro chimaonekera pa mota basi.

Timabwato tambiri totchipa tomwe timapezeka m'mashopu a m'tauni tilibe chiwongolero. Tili ndi mamota awiri, ndipo timakhota chifukwa imodzi yathamanga kuposa inzake. Ndiye kusiyana pang'ono chabe, kumene khutu silingamve, kumakwanira kuti kabwato kazipita chammbali ngati nkhanu. Timene tili ndi mota imodzi ndi chiwongolero timapendekera pang'ono mbali imodzi tikathamanga kwambiri. Kumeneko si kudwala ayi, ndi pulopela ikukankha thupi la bwato mobwezera.

Yambani ndi zimene maso ndi zala zingapeze. Chotsani batire, muzungulitse mapulopela onse awiri ndi chala. Azizungulira mofewa chimodzimodzi. Ina ikamalimba, funani chingwe, udzu, ndere kapena kapulasitiki. Amene mumapita nato ku Kafue mukudziwa mizu ya namasupuni momwe imagwirira chilichonse chozungulira, ndipo m'maiwe a nsomba a m'mafamu muli zingwe zambiri zimene asodzi anadula n'kusiya. Onaninso ngati tsamba la pulopela labenthuka, ngati shafiti yauma yosowa girizi, komanso kanati kakang'ono kogwirizanitsa mota ndi shafiti. Kakamasuka, mota imalira bwinobwino koma shafiti ikungoterereka. Pali cholakwa china chimene ndimachipeza kwa amene anasintha okha pulopela: pa bwato la mamota awiri ozungulira mosemphana, mapulopela ake amakhala lamanja ndi lamanzere, ngati nsapato. Mukaika awiri a phazi limodzi, mbali ina imakoka chammbuyo.

Zikakhala kuti zonsezi zili bwino, pali njira imodzi imene ndimaikhulupirira kuposa mita iliyonse yoyezera magetsi: kusinthanitsa. Mawaya opita ku mota yakumanzere alumikizeni ku yakumanja, a kumanja apite kumanzere, muyesenso. Ulesi ukakhalabe mbali yomweyo, vuto lili pa mota, shafiti kapena pulopela ya mbaliyo. Ukasamukira mbali inayo, mota ilibe mlandu, ndipo muzifufuza kumtunda, ku ESC, risiva kapena rimoti. Pa mabwato okhala ndi ma ESC awiri mukhoza kupitiriza masewera omwewa posinthanitsa mapulagi awo pa risiva, mpaka vuto litasowa pobisala. Pa timabwato ta ana mawayawo amakhala owotcherera pabolodi, choncho pamafunika kachitsulo kowotcherera ndi dzanja losanjenjemera, komabe n'zotchipa kusiyana ndi kugula zida mongoyerekeza.

Musayese m'mwamba mokha. Pulopela ikamazungulira mumpweya ilibe katundu, ndipo ngakhale mota yodwala imaoneka yamphamvu. Thirani madzi m'bafa, mugwire kabwato ndi dzanja, zala kutali ndi masamba, mumve mbali imene ikukankha mofooka. Kabwato kakakana kulira kali pouma, musadabwe: tambiri tili ndi tizitsulo tiwiri pansi timene timayenera kukhudza madzi kaye. Tizitsulo timeneti tikachita dzimbiri, mota imayaka n'kuzima kabwato kakamadumpha pamafunde.

Tsopano kudukiza, kuja kabwato kamathamanga, n'kuima, n'kuyambanso. Apa woyamba kumukayikira ndi batire. Selo limodzi la batire la mtundu wa LiPo limakhala ndi mavolti 4.2 likadzaza, ndiye batire la maselo awiri lolembedwa 7.4V limayenera kuonetsa 8.4. Batire lokalamba likhoza kuonetsa nambala yabwino pamita, koma mukangokoka moto wonse limagwa mpaka cha m'ma 3.0 kapena 3.2 pa selo, pomwe ESC imadula dala kuti iliteteze. Mukasiya chala, mphamvu imakweranso, kabwato n'kudzuka. Anthu amati n'zamatsenga, pomwe ndi batire likupuma wefuwefu. Chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo magetsi akubwera maola owerengeka, ndinalandira mabatire ambiri ophedwa ndi kutchaja kothamangira, ena pa matchaja a foni, ena pa solar popanda choyang'anira maselo. Selo lina limadzaza, linzake lili theka. Yezani selo lililonse palokha kudzera pakapulagi kakang'ono koyera ka pa batirelo. Batire likatupa ngati chitumbuwa, ntchito yake yatha, ndipo musaligoneke m'nyumba. Limene simuligwiritsa ntchito milungu ingapo lisungeni pa 3.8 pa selo, kutali ndi dzuwa la m'galimoto.

Kudukiza kumene kumayamba pakatha mphindi zitatu kapena zinayi, batire lili bwino, nthawi zambiri ndi kutentha. Mabwato othamanga amaziziritsa ESC ndi mota pokoka madzi kudzera m'kapaipi kopyapyala, ndipo muyenera kuona kamadzi kakutuluka m'mbali bwato likamayenda. Kakasowa, kapaipi katsekeka. Kuno ku Lusaka tili ndi vuto lathulathu: mzinda unakhala pamiyala ya laimu, ndipo madzi a m'mijigo amasiya zoyera zija mumaziona m'ketulo. Amene amaseweretsa bwato m'dziwe losambiramo lodzazidwa ndi madzi a mjigo, zoyerazo zimamanga m'kapaipi pamodzi ndi matope. Viniga pang'ono m'jekeseni yopanda singano, kenako madzi oyera, zimatsegula.

Mapulagi nawo musawaderere. Mukangotulutsa bwato m'madzi litayenda, gwirani pulagi iliyonse. Imene yatentha kuposa zinzake ndiyo ikuba mphamvu, makamaka ikakhala yobiriwira ndi dzimbiri. Mota ya brushless, kutanthauza yopanda mabulashi okhudzitsa magetsi m'kati, ili ndi mawaya atatu, ndipo mmodzi akamasuka imangonjenjemera osazungulira. Ikamazungulira chobwerera, sinthanitsani awiri alionse mwa atatuwo. Koma kugwedera pang'ono poyamba kunyamuka ndi chibadwa cha mamota amenewa, chifukwa ESC imadziwa pamene mota yafika pokhapokha itayamba kuzungulira.

Kwatsala mbali imene anthu amaiopa pachabe. Risiva imalankhula ndi ESC kudzera m'timagetsi tothwanima pafupifupi ka 50 pa sekondi, ndipo uthenga uli m'kutalika kwa kuthwanimako, koyezedwa m'mamilisekondi (ms): 1.5 ms ndiye kuti ima, 2.0 ms moto wonse kutsogolo, 1.0 ms kumbuyo. ESC iliyonse imayenera kuphunzitsidwa pamene rimoti yanu imayambira ndi pamene imathera. Imodzi ikaphunzitsidwa, inzake ayi, mudzaona mota ina ikudzuka msanga inayo ikadali m'tulo. Bwezani pakati timabatani ta pa rimoti towongolera kayendedwe pang'onopang'ono, totchedwa trim, ana amakonda kutiseweretsa, kenako muphunzitse ma ESC onse awiri motsatira kapepala kake, poti kachitidwe kamasiyana malinga ndi mtundu. Yatsani rimoti poyamba, bwato pambuyo. Ngati ma ESC onse awiri akudyetsa risiva magetsi, sololani waya wofiira pa pulagi ya imodzi, kuti asamalimbirane. Fumbi la mphepo ya Ogasiti nalo limalowa m'kachipangizo kozungulira kamene kali pansi pa chokokera moto, ndipo liwiro limalumphalumpha chala chili phee. Mankhwala opopera otsukira zamagetsi amathandiza.

Vuto likamaoneka bwato likapita patali pokha, yang'anani eriyo. Madzi amameza mafunde a 2.4 GHz, choncho kansonga ka eriyo kayenera kuima pamwamba pa mzere wa madzi, osati kugona pansi pafupi ndi batire. Pa mamota a mabulashi onaninso timakapasita tolembedwa 104 towotcherera kumbuyo kwake. Tikathothoka, moto wothetheka m'kati mwa mota umasokoneza bolodi.

Nanga mota yeniyeni imafa liti? Ya mabulashi ikamafuna kuti muyambe mwaikankha ndi chala, kapena ikanunkha kupserera, mabulashi atha. Ya brushless ikamalira ngati muli mchenga, mabeyaringi adyedwa ndi madzi amene munasiya m'kati sabata yatha. Pamenepo gulani, koma gulani ziwiri zofanana, chifukwa yatsopano ndi yakale sizidzayenda limodzi ngakhale zitalembedwa nambala imodzi.

Poyesa koyamba mukakonza, khalani pafupi ndi gombe, ndipo mutenge ndodo ya mbedza yomangirira kampira ka tenesi kumapeto kwa chingwe. Bwato likafera pakati, mumaponya kampirako kupitirira bwatolo n'kulikoka pang'onopang'ono. M'maenje akale okumbamo miyala ozungulira mzinda uno madzi amazama mwadzidzidzi, ndipo ku Kafue kuli ng'ona, choncho mwana asalowe m'madzi kukatenga chidole.