Ndani anayamba kufunsa ngati nthaka ya m'chigawo chimodzi cha pamapu ndi yofananadi?

Ukatsika kuchokera kumtunda kupita kudambo, nthaka imasintha ukuona. Pamwamba pali katondo wofiira, potsetsereka pali mchenga, kumunsi kuli makande akuda okakamira kukhasu. Koma pamapu malo onsewa amatha kupakidwa mtundu umodzi n'kupatsidwa dzina limodzi. Akatswiri a nthaka akhala akulimbana ndi vutoli kuyambira kale.

Mu 1935, Geoffrey Milne, yemwe ankagwira ntchito ku Amani m'dziko la Tanganyika, anaona kuti nthaka zosiyanazi zimatsatana mwadongosolo pachitunda chilichonse. Dongosololi analitcha catena. Ganizo lake linali lakuti ngati sungajambule kachigawo kalikonse pakokha, jambula mndandanda wonsewo ngati chinthu chimodzi. Mu 1946, C.S. Christian ndi G.A. Stewart a ku Australia anayendera dera la Katherine ndi Darwin, akugwiritsa ntchito zithunzi zojambulidwa pandege, n'kumagawa dzikolo potsata malo amene maonekedwe a dziko, nthaka ndi zomera zimabwerezabwereza. Njira zoterezi zinafikanso kwathu kuno ku Malawi: Anthony Young ndi Peter Brown anafotokoza chigawo chakumpoto mu 1962, ndipo chapakati mu 1965.

Kujambula malire kunali kosavuta. Chovuta chinali kutsimikiza kuti za m'kati mwa malirewo n'zofanana. Ku America lamulo linkati magawo 85 pa 100 a chigawo chilichonse cha pamapu azikhala a nthaka imene yatchulidwa pamapu. Anthu atapita kukakumba maenje kuti aone, kawirikawiri ankapeza kuti ndi theka chabe, mwina kuposerako pang'ono.

Apa m'pamene Philip Beckett ndi Richard Webster a ku Oxford anabweretsa masamu. Umatenga dothi m'malo ambiri, n'kuyeza zinthu monga asidi kapena kuchuluka kwa dongo. Kenako umayerekeza kusiyana kwa m'kati mwa chigawo ndi kusiyana kwa dera lonse. Ngati ziwirizi zikungofanana, ndiye kuti mzere wa malire uja sunalekanitse kanthu, wangokongoletsa pepala. Mu 1971 ananena chinthu chimene kwa ine n'chodabwitsa mpaka lero: mpaka theka la kusiyana kwa nthaka m'munda wonse limatha kupezeka pakamalo ka mita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi.

Ku Malawi nkhaniyi inakhudza thumba la mlimi. Kwa zaka zambiri malangizo a feteleza wa chimanga cha haibulidi anali amodzi dziko lonse, ngati kuti nthaka ya ku Kasungu ndi ya ku Chikwawa n'chimodzimodzi. Chapakati pa zaka za m'ma 1990 kunachitika mayeso m'minda ya alimi m'dziko lonse, ndipo zotsatira zake zinabweretsa malangizo osiyana malinga ndi dera, poganiziranso mtengo wa feteleza ndi wa chimanga.