Ndalama za timu ya ana zimakololedwa mu Meyi

Makomiti ambiri a matimu a mpira a ana kuno ku Mchinji amayamba kusaka ndalama Lachinayi pamene masewero ali Loweruka. Mlembi amang'amba pepala m'kope, wapampando n'kuyamba kuyenda nalo m'magolosale a pa Kamwendo kapena pa boma. Wina amaponyapo kangachepe, wina amati "mubwere mawa achimwene, abwana atuluka." Loweruka likamafika ndalama yapezeka ya lole yopitira basi, yobwerera a kochi akongola m'dzina lawo. Zikachitika kangapo, a kochi amatopa ndipo timu imatha popanda wolengeza kuti yatha.

Ntchito yanga ndi yowerengera ndalama, ndipo ndimathandiza magulu a m'midzi kukonza mabuku awo: makalabu a alimi, mabanki m'khonde, makomiti a sukulu. Mwa onsewa, matimu a mpira wa miyendo ndi wa ntchemberembaye ndiwo amabwera ndi mabuku osokonekera kwambiri, akakhala nawo n'komwe. Chomwe ndimawauza poyamba n'chakuti ndalama m'boma lino zili ndi nyengo yake. Zimayenda kuyambira mu Epulo, soya akauma ndipo misika ya fodya ikatsegulidwa, n'kuchuluka mu Meyi ndi Juni mtedza ukakumbidwa, mavenda atapachika masikelo awo m'mbali mwa msewu. Pofika Okutobala aliyense akuganiza za mbewu, feteleza ndi fizi. Mu Januwale ndi Febuluwale munthu wopempha ndalama ya mpira amaoneka ngati akunyoza, chifukwa m'nyumba zambiri ufa watha. Timu imene ikufuna kusewera chaka chonse iyenera kupeza pafupifupi ndalama zake zonse m'miyezi itatu kapena inayi ya kukolola, n'kuzigawa kuti zikwane miyezi yotsalayo.

Kuti mudziwe kuchuluka kwa zomwe mukusaka, khalani pansi mu Malichi n'kulemba bajeti, ndipo muigawe pawiri. Mbali yoyamba ndi zogula kamodzi: majezi, mipira, maukonde, mpope, wezulo, kabokosi ka mankhwala a ovulala. Mbali yachiwiri ndi zomwe zimabwera sabata ndi sabata: mayendedwe, ndalama ya oyimbira, chakudya cha ana akasewera kutali, sopo wochapira majezi, laimu wolembera bwalo. Mukaphatikiza mudzaona kuti mbali yachiwiri ndiyo yaikulu, ndipo mkati mwake mayendedwe ndiwo amadya zambiri. Pamenepa ndi pomwe makomiti amapusitsika. Anthu ofuna kuthandiza amakonda kupereka majezi, poti jezi imajambulika bwino ndipo chithunzi chimayenda pa Facebook. Palibe amene amajambulitsa akulipira mafuta a lole yopita ku Mkanda. Ndiye mumapeza timu ili ndi majezi a mitundu itatu koma yalephera kupita kumasewero awiri motsatizana n'kuchotsedwa mu ligi. Wina akanena kuti akufuna kuthandiza, muonetseni mbali yachiwiriyo kaye.

Palinso nkhani ya kwacha. Inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mipira, mabutsi ndi maukonde pafupifupi zonse zimachokera kunja, choncho mitengo yake imatsatira dola. Komiti imene inasunga ndalama m'kachitini mu Juni 2023 poyembekeza kugula mipira pa Khirisimasi inapeza kuti ndalama ija yafupika. Zogula kamodzi gulani nthawi yomweyo ndalama zikalowa. Za mayendedwe ndi bwino kuzisunga zili mtedza kapena soya osati ndalama, n'kumagulitsa thumba limodzi limodzi masewero akayandikira, poti mtengo wa mtedza ndi soya nthawi zambiri umakhala wotsika pokolola n'kumakwera chaka chikamapita.

N'chifukwa chake ine ndimalimbikitsa kuti makolo azisonkha mbewu m'malo mwa ndalama. Kholo lomwe lingakuuzeni kuti lilibe ndalama mu Ogasiti silivutika kutapa ndowa imodzi ya mtedza wosaswa mu Juni. Tiyerekeze timu ili ndi ana 22: ndowa 22 za mtedza ndi poyambira pabwino. Koma mtedzawo uume bwino ndipo usungidwe ndi makoko ake, pamalo posafika chinyezi, matumba atasanjikidwa pamitengo osati pansi. Ukachita chuku wogula amaukana kapena kugwetsa mtengo, komanso chukucho ndi poizoni, musadzaganize zoti ana akazinge adye. Ndipo pasapezeke wouthira madzi kuti usavute kuswa kapena ulemere pasikelo. Banja lomwe silinakolole lisachititse mwana kuchotsedwa mu timu. Mayi ake angathe kuchapa majezi, bambo ake kutchetcha bwalo, ndipo zimenezo zilembedwe m'buku ngati chopereka chawo.

Matimu olimba kwambiri omwe ndawaona ali ndi munda wawo. Ekala imodzi yopempha kwa a mfumu kapena kwa komiti ya sukulu, yodzalamo soya kapena mtedza, mbewu zosalira feteleza wambiri ngati chimanga. Mgwirizano wa malowo ulembedwe ngakhale pa pepala la m'kope, a mfumu asainepo, chifukwa munda ukabereka bwino eni malo amakumbukira msanga kuti mphwawo akuufuna. Olima ndi makolo ndi achinyamata akuluakulu. Ana angathandize kupalira Loweruka m'mawa monga amachitira kwawo, koma asajombe kusukulu chifukwa cha munda wa timu. Zotenga timu yonse kukagwira ganyu m'minda ya fodya ya anthu ndimazikaniratu. Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo fodya wamuwisi amalowetsa chikonga m'thupi kudzera pakhungu, mwana n'kumasanza ndi kumva chizungulire. Palibe jezi yoyenera mtengo umenewo.

Njira ina ndi tsiku la mpikisano. Mu Juni kapena Julayi, mvula itatha ndipo anthu ali ndi kanthu m'thumba, itanani matimu anayi kapena asanu ndi limodzi, aliyense alipire yolembetsa. Tchingani bwalo ndi udzu kapena masaka kuti pakhale khomo limodzi. Pakhomopo pakhale anthu awiri osachokera banja limodzi, wina wolandira ndalama, wina wong'amba matikiti okhala ndi manambala, kuti madzulo ziwerengero ziwiri zifanane. Ambiri amaiwala kuti ndalama ina ili mwa ogulitsa: a chiwaya, a mandasi, a thobwa, a nzimbe. Aliyense apereke kangachepe ka malo, kapena makolo a timu aphike okha n'kugulitsa. Chenjerani ndi mphoto. Ndaonapo komiti italonjeza mbuzi ndi ndalama kwa opambana, n'kupeza kuti zonse za pakhomo zathera pomwepo. Mphoto ichokere kwa wothandiza kapena ku ndalama yolembetsa, za pakhomo zisakhudzidwe.

Ukwati wachiyerekezo, womwe mipingo ndi sukulu zimakonda, umagwiranso ntchito chifukwa anthu amasangalala ndi perekaniperekani, bola zokuzira mawu mubwereke osati kulipira. Big walk ine sindiikonda kwa ana ang'onoang'ono. Msewu wa M12 ndi wodutsa mathiraki opita kuchipata cha Mwami, ndipo ndalama zomwe zimagwa m'mbale sizilingana ndi chiopsezocho. Mukaifunabe, dziwitsani apolisi ndipo akuluakulu aziyenda kumbali ya msewu. Za matikiti a mwayi, zoti wopambana atenga njinga kapena wailesi, funsani kaye ku bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, chifukwa mipikisano yotere ili ndi malamulo ake, ndipo ana asamagulitsidwe matikitiwo.

Tibwere kwa amalonda. Kalata yoti "tikupempha thandizo lina lililonse" imathera pokulunga sopo. Pemphani chinthu chimodzi chodziwika, ndipo nenani chomwe mwini bizinesi apezapo. Mwini lole angavomere kunyamula ana maulendo anayi pa chaka inu mukathira mafuta, zomwe kwa iye n'zopepuka kusiyana ndi kutulutsa ndalama. Wogulitsa zipangizo zaulimi amafuna dzina lake limveke mu Okutobala ndi Novembala alimi akamagula mbewu, ndiye mupatseni chikwangwani pabwalo nthawi imeneyo. Wogula mbewu mukamuone mu Meyi. Akapereka, bwererani pakatha mwezi ndi lisiti, chithunzi cha timu ndi zotsatira za masewero. Makomiti ambiri sabwerera, amadzaonekeranso chaka chamawa ndi pepala lina, kenako n'kumadandaula kuti amalonda a pano ndi ouma manja.

Andale ndi mabonanza awo tonse tikuwadziwa. Chisankho chikayandikira, monga zinalili chisanafike cha pa 16 Seputembala 2025, mabwalo amadzaza, zikho zimachuluka, mipira imagwa ngati mvula. Mavoti akawerengedwa kumakhala zii, kwa wopambana ndi wogonja yemwe. Sindinena kuti mukane mpira woperekedwa. Ndikunena kuti musawerengere zimenezi mu bajeti, ndipo musalole ana kuvala makaka a chipani kapena kuimitsidwa padzuwa kudikira mlendo wolemekezeka amene wachedwa ndi maola atatu. M'timu muli ana a makolo a zipani zonse, ndipo tsiku lomwe idziwike kuti ndi ya chipani chakuti, theka la osonkha mtedza aja lidzasiya. Ngati mukufuna kanthu kuchokera ku boma, njira yake ndi kupititsa pempho ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) ndi ku komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu (ADC) kuti likalowe pa mndandanda wa zitukuko za dera, monga za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu. Kumeneko pemphani zokhalitsa: zigoli zachitsulo, kusalaza bwalo, chimbudzi. Zimachedwa, koma zikabwera sizitha ndi nyengo ya kampeni. Ofesi ya zamasewero ku khonsolo ya boma iyeneranso kudziwa kuti timu yanu ilipo, chifukwa mipikisano ndi maphunziro a makochi zikabwera amaitana omwe ali m'kaundula wawo.

Ana a mudzi omwe ali ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Joni amathandiza mosavuta akaikidwa pa gulu la WhatsApp n'kumaona zomwe zikuchitika. Vuto limabwera pa nambala yolandirira. Ndalama zikamalowa pa Airtel Money kapena Mpamba ya a kochi, yomwenso amalandirirapo za kunyumba kwawo, pakutha pa mwezi ngakhale iwo eni sadziwa kuti za timu ndi ziti. Timu ikhale ndi nambala yakeyake, foni izikhala kwa msungichuma, ndipo uthenga uliwonse wa ndalama yolowa kapena yotuluka uzitumizidwa pa gulupo tsiku lomwelo. Ndalama zikayamba kuchuluka tsegulani akaunti ku banki. Adzafuna malamulo a gulu olembedwa, mfundo za msonkhano womwe unasankha osainira, ndi ziphaso zawo za unzika. Osainira akhale atatu, ndalama izituluka awiri akasaina, ndipo pasakhale mwamuna ndi mkazi wake kapena munthu ndi mlamu wake.

Lamulo lomwe makomiti amakangana nalo kwambiri ndi lakuti a kochi asamasunge ndalama. Ena amaliona ngati kuwanyoza, pomwe limawateteza. Kochi ndi amene amasankha ana olowa m'bwalo, ndipo kholo lomwe mwana wake wakhala pa benchi masewero atatu silichedwa kunena kuti "a kochi akudya ndalama zathu." Ngati sagwira khobidi, mawuwo alibe pogwira. Msungichuma, amene nthawi zambiri amayenera kukhala mayi wozolowera mabuku a banki m'khonde, azilemba m'buku limodzi lachikuto cholimba: tsiku, zalowa, zatuluka, zatsala. Wa kabaza kapena wa lole amene alibe lisiti asaine m'bukumo. Mwezi uliwonse bukulo liwerengedwe mokweza pamaso pa makolo, ngakhale zotsala zili zochititsa manyazi. Anthu a kumudzi amapirira timu yogonja, koma akangokayika za ndalama, chaka chamawa ndowa zija simudzazionanso.

Pali ndalama ina yomwe matimu a m'midzi amataya osadziwa. Malamulo a FIFA, bungwe loyendetsa mpira wa miyendo padziko lonse, amati wosewera akagulitsidwa kuchoka ku kalabu ya dziko lina kupita ku ya dziko lina, 5 peresenti ya mtengo wake igawidwe kwa matimu omwe anamuphunzitsa kuyambira chaka chomwe anakwanitsa zaka 12 mpaka 23. Zaka zinayi zoyambirira, 12 mpaka 15, zikaphatikizidwa zimabweretsa 1 peresenti ya mtengo wonse. Tiyerekeze wagulidwa pa madola 100,000: timu yomwe inali naye zaka zinayi zimenezo iyenera kulandira madola 1,000. Sizichitika kawirikawiri, ndipo musalembe zimenezi mu bajeti. Koma Tabitha ndi Temwa Chawinga anachokera ku Rumphi, ndipo mu 2024 Temwa anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America, kuposa wina aliyense. Mwana wa ku Kapiri kapena ku Waliranji angathenso kufika kutali. Ndalamayo imatsata kaundula, choncho imapita kwa timu yokhayo yomwe inali yolembetsedwa pansi pa FAM, bungwe loyendetsa mpira wa miyendo m'dziko muno, ndipo inalembetsa mwanayo m'dzina lake lenileni ndi tsiku lake lenileni lobadwa. Timu yomwe inamuchepetsera zaka kuti apambane chikho cha ana, kapena kumuseweretsa ndi dzina la mng'ono wake, siidzapezeka pa mndandandawo. Kulembetsa ana obadwa kunakhala kokakamiza m'dziko muno kuyambira mu 2015, ndiye ana obadwa kuyambira chaka chimenecho ayenera kukhala ndi kalata yakubadwa. Jambulitsani kalata ya mwana aliyense akamalowa mu timu, muisunge m'faelo limodzi ndi buku la ndalama, ndipo ndalama yolembetsera timu ku bungwe la mpira la m'boma ikhale yoyamba kulipiridwa mtedza woyamba ukagulitsidwa.