Loop ya JavaScript ikamadumpha zinthu pa tsamba

Loop ndi code yobwereza ntchito imodzi pa chinthu chilichonse cha mumndandanda, monga kusintha style (maonekedwe) ya ndime zonse za pa tsamba la webusaiti. Ikamakanika, musanakhudze code, dinani F12 mu Chrome n'kutsegula Console, pomwe browser imaonetsa zolakwika za code. Mukapezamo uthenga wofiira wakuti "Cannot read properties of undefined", kawirikawiri loop yapyola malire. JavaScript imayamba kuwerenga pa 0, ndiye ndime zikakhala 5, yomaliza imakhala ya nambala 4. Mu loop, i ndi nambala ya ndime imene yafikidwa, ndipo ndime.length ndi kuchuluka kwa ndimezo. Wolemba i <= ndime.length akutuma loop kukatenga ya nambala 5, yomwe kulibe. Chotsani = yekhayo, zatheka.

Zosautsa ndi zimene zimakanika mwakachetechete, Console ili mbee. Pamenepo lembani console.log(ndime.length) pamwamba pa loop. Ikaonetsa 0, loop ilibe mlandu, mndandanda ndiwo uli wopanda kanthu. Mwina script ili mu head ndipo yayamba ntchito browser isanawerenge ndimezo; iwonjezereni defer (ngati ili mu fayilo yakeyake) kapena muitsitsire kumapeto kwa body. Mwinanso mwaiwala kadontho: querySelectorAll("chenjezo") imasaka tag ya dzina limenelo, pamene class imafuna ".chenjezo".

Palinso msampha wina umene umakola ngakhale ozolowera. Tinene kuti ndime 6 zili ndi class ya chenjezo, mwazitenga ndi getElementsByClassName, ndipo loop ikuchotsa class imeneyo pa iliyonse. Zisintha zitatu zokha: yoyamba, yachitatu ndi yachisanu. Chifukwa chake n'chakuti mndandanda umenewu umasinthira limodzi ndi tsamba. Ndime yoyamba ikangotaya class imatulukamo, zotsalazo n'kusendera kutsogolo ngati anthu pamzere wa kuchigayo. Yachiwiri ija tsopano yakhala pa 0, koma i wafika kale pa 1, choncho aidumpha. Pomafika pa 3, mndandanda watsala ndi zitatu ndipo loop imaima. Mukhoza kuwerenga chobwerera, kuyambira pa length - 1 kutsika mpaka 0, koma kwa woyamba kumene querySelectorAll ndiyo yabwino, poti mndandanda wake susuntha ukatengedwa, komanso uli ndi forEach, yomwe imayendera chilichonse cha mumndandanda popanda i.

Pa style penipenipo, musalembe background-color. JavaScript imaona kamzereko ngati kuchotsera. Dzina lake ndi style.backgroundColor. Nambala nayo imafuna muyeso: pa tsamba loyamba ndi <!DOCTYPE html>, style.width = 200 browser imangoinyalanyaza osadandaula, koma "200px" imagwira. Ndipo mukaona kuti mukulemba mizere ya style inayi kapena isanu mkati mwa loop, isamutsireni mu CSS pansi pa class imodzi, loop itsale ndi classList.add basi.