Tchipi ya m'foni siipanga kampani imodzi yokha

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva anthu pa msika wa Kapata ku Chipata akunena kuti kampani yomwe dzina lake lili pa foni imadzipangira yokha tchipi yam'katimo (kachidutswa kakuda komwe kali ngati ubongo wa foni), mwachinsinsi. Ndatopa nazo, chifukwa si zoona.

Makina amodzi ojambula timizere pa tchipi zamakono mtengo wake umaposa madola 100 miliyoni. N'chifukwa chake makampani, ngakhale opikisana, amagwirizana ndi mayunivesite n'kumayesera nzeru zawo pamalo amodzi ofufuzira, monga a ku Leuven, ku Belgium. Makinawo amachokera ku Netherlands, pomwe tchipi zambiri zapamwamba zimapangidwira ku Taiwan.

Pemphani wokonza mafoni akutsegulireni foni yakufa, muwerenge zolembedwa pa tizidutswa takudato. Mupeza zizindikiro za makampani osiyanasiyana. Chonde, nkhani zotere musamazitumize pa WhatsApp musanazifufuze.