Opaleshoni ya mtima yatheka, koma kujambulitsa mwana kusalekeke

Makolo a ku Chikwawa ndi Nsanje amene mwana wanu anabadwa ndi vuto la mtima lija lodetsa milomo ndi zikhadabo, monga lomwe madokotala amati Tetralogy of Fallot, opaleshoni ikachitika nkhani sinathe ayi. Inde mwana amasintha, milomo kuyera bwinobwino, mpira kumenya osanjutanso panjira, ndiye ambiri timangoti wachira basi. Koma valavu yopititsa magazi kumapapo nthawi zambiri imatsala isakutseka bwino, magazi ena nkumabwerera mumtima ndipo mbali yakumanja imatha kumakula pang'onopang'ono kwa zaka mwana osamva kalikonse. Zimenezi zimaoneka pa makina basi.

Yomwe muzikumana nayo kwambiri ndi echo, ili ngati sikani ya amayi oyembekezera ija, amapaka jelo wozizira pachifuwa nkumayendetsa kachipangizo adokotala akuyang'ana pa sikirini. Sipweteka, ndipo kubwereza kangati kaya palibe vuto. Pa X-ray mukaona timawaya pafupa lapachifuwa musadzidzimuke, nditomwe anamangira fupalo. Akasinkhuka angamutumize ku sikani ina yotchedwa MRI chifukwa ndiyo imayeza bwino kukula kwa mtima, imachita phokoso ndipo amafunika agone phee nthawi yaitali ndithu, wamng'ono amayamba amugonetsa ndi mankhwala. Ngati anamuika pacemaker, kachipangizo kothandiza mtima kugunda bwino, nenani asanalowe m'chipindamo.

Ana ena anangowaika kapaipi kothandizira magazi kupita kumapapo, shunt, podikira opaleshoni yaikulu. Awa nde samalani nawo kwambiri ndi kutentha kwa kuno kuchigwa, thupi likauma magazi amatha kuundana nkutseka kapaipiko. Madzi azimwa pafupipafupi, akatsegula m'mimba Thanzi ORS pompo kenako kuchipatala.

Thiransipoti yokwera Thabwa mpaka ku Queens ku Blantyre siyamasewera, tikudziwa, koma tsiku lokaonetsa mwana lomwe analemba m'buku lachipatala yambani kulisungira ndalama kukadali kutali. Bukulo, mapepala a opaleshoni ndi zotsatira za echo zakale mangani mu jumbo muike pamwamba, madzi osefukira safunsa, komanso jambulani pafoni. Adokotala amafananiza zakale ndi zatsopano kuti adziwe ngati mtima ukusintha.

Milomo ikayambanso kuda, kubanika, kukomoka, kutupa miyendo kapena kutentha thupi kosatha malungo atayezedwa osapezeka, musadikire tsiku lija, thamangirani kuchipatala chapafupi ndi mapepala onse.