Kusala Kudya pa Nyengo ya Lenti: Mafunso Amene Akufika ku Ofesi ya Parishi

Chiyambire Lachitatu la Phulusa, akhristu ochokera m'miphakati yosiyanasiyana ya kuno ku Angónia akhala akubwera ku ofesi ndi mafunso, ena ndi madandaulo, makamaka pa nkhani ya nyama ndi ya ndalama. Mayankho athu ndi awa.

Kodi masiku osala kudya ndi ati?

Ndi Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera, pamene nyama yokha imasalidwa Lachisanu lililonse la Lenti.

Lamuloli limakhudza ndani?

Buku la Malamulo a Mpingo la chaka cha 1983, pa ndime 1252, limati kusala nyama kumayambira pa zaka 14, pamene kusala kudya kumakhudza amene akwanitsa zaka 18 mpaka pamene alowa m'chaka chawo cha 60.

Kodi kusala ndi kukhala ndi njala tsiku lonse?

Ayi. Papa Paulo VI analongosola mu 1966 kuti munthu adye chakudya chokwanira kamodzi pa tsikulo, ndipo akhoza kulawa pang'ono m'mawa ndi madzulo. Madzi ndi mankhwala saletsedwa.

Nanga nkhuku?

Nkhuku ndi nyama. Mazira, mkaka, usipa ndi kapenta wa ku Cahora Bassa ndi zololedwa.

Ife tikudya kale kamodzi pa tsiku, ndipo nyama sitiiona n'komwe. Tisale chiyani?

Funsoli ndi lowawa, ndipo sitikuliyankha mopepuka. Lenti imagwa chimanga chisanakhwime, nkhokwe zambiri zili mbee, ndipo pali mabanja amene akugonera maungu ndi masamba a nyemba. Mpingo supempha munthu wanjala kuti awonjezere njala yake, ndipo mayi amene wapeza ufa movutikira sachimwa pophika nsima Lachisanu Loyera. Komabe sitinganene kuti Lenti siwakhudza, chifukwa ndime 1249 imati mkhristu aliyense ayenera kuchita zolapa monga angathere. Wina akhoza kusiya kachasu kapena fodya, wina akhoza kukalimira nkhalamba ya m'mudzi mwake, kuchita nawo Njira ya Mtanda, kapena kukayanjana ndi m'bale amene anakangana naye pa malire a munda. Tikupemphanso amene ali nazo asaganize kuti akwaniritsa lamulo pogula nsomba yodula m'malo mwa nyama ya mbuzi. Mneneri Yesaya, pa mutu 58, amati kusala kumene Mulungu afuna ndi kugawana chakudya ndi anjala.

Odwala achite bwanji?

Amene akumwa ma ARV, odwala matenda a shuga, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa sakakamizidwa kusala kudya. Asadumphe mankhwala chifukwa cha Lenti.

Kodi n'zoona kuti wopereka ndalama mu envulopu ya Lenti akhoza kudya nyama?

Si zoona, ndipo tili ndi chisoni kuti mphekesera imeneyi yafika m'miphakati ina. Ofesi ino sinalengezepo zotere. N'kutheka kuti ena anasokonezeka atamva kuti ndime 1253 imalola Bungwe la Maepiskopi kuika ntchito zachifundo kapena mapemphero m'malo mwa kusala, koma mphamvu imeneyo ndi ya maepiskopi, osati ya katekisi kapena wapampando wa mphakati. Chopereka cha Lenti ndi chaufulu, n'chosiyana ndi chakhumi, ndipo cholinga chake n'chakuti zimene munthu wapulumutsa podzimana zifike kwa osauka. Palibe kuchuluka kwa metikali kumene kwaikidwa, ndipo wopanda ndalama akhoza kubweretsa nyemba kapena mbatatesi. Tamvanso dandaulo lakuti ena akuuzidwa kuti sadzalapa Pasaka isanafike ngati sabweza envulopu. Ngati zimenezi zanenedwadi kwina kwake, n'zolakwika, popeza sakramenti siligulidwa, ndipo amene wauzidwa zotere akaonane ndi Bambo Mfumu mwachindunji.

Tikapatsidwa nyama pa maliro Lachisanu?

Ngati pali ndiwo zina, sankhani zimenezo mwakachetechete, osanyazitsa anamfedwa. Ngati palibe, idyani, ndipo mudzimane china m'malo mwake. Amene ali ndi vuto lokhalitsa, monga ogwira ntchito yolemetsa amene amadya zophikiridwa kuntchito, akhoza kupempha chilolezo kwa Bambo Mfumu, amene ndime 1245 imawapatsa mphamvu yomasula munthu payekha pakakhala chifukwa chomveka.